Chomera chosunga madzi chikamafa pazenera: yezani kutentha musanaimbe mlandu madzi

Echeveria yanga yoyamba, chomera chamasamba onenepa osunga madzi, inawonongeka usiku umodzi wokha. Madzulo inali bwinobwino, masamba ake otuwa atazungulirana ngati duwa, olimba kuti gwa. Kutacha ndinatsegula makatani n'kupeza masamba onse a mbali ya kugalasi atalowa madzi, akuonekera mkati ngati awiritsidwa, ofewa moti nditakhudza limodzi chala chinangolowa. Mbali yoyang'ana m'chipinda inalibe vuto ngakhale pang'ono. Ndinaganiza kuti ndathirira mopitirira, poti aliyense amene amasunga zomerazi amatero chikangodwala. Ndinaizula mumphika. Dothi linali louma, mizu yoyera ndi yamoyo. Vuto linali makatani aja. Usiku ndikawatseka, chomeracho chinkatsala pakati pa nsalu ndi galasi, kutentha kwa m'chipinda osachifikira, masamba atatsamira galasi lozizira mpaka m'mawa.

Kuyambira pamenepo, wina akandiuza kuti chomera chake chikufa, sindiyamba ndi funso loti amathirira kangati. Ndimafunsa kuti chili pati, ndipo pamalo pamenepo usiku pamazizira bwanji, masana pamatentha bwanji. Zomera zimenezi, zamasamba onenepa osunga madzi, zimene m'Chingelezi amati succulent, zimamwa madzi molingana ndi kutentha ndi kuwala kumene zikulandira. Kapu yamadzi imene ikuchitsitsimutsa mwezi uno ikhoza kuchiwoletsa miyezi itatu ikubwerayi pamalo omwewo.

Manambala ake ndi awa

Mitundu yambiri imene anthu amasunga m'nyumba, monga Echeveria, Crassula ovata imene ambiri amaitcha jade, Haworthia ndi Aloe vera, imakula bwino masana pakakhala madigiri 15 mpaka 27 a Celsius. Usiku imakonda kuti kuzizireko, pakati pa madigiri 10 ndi 16. Kukatsika pansi pa 10, mitundu yochokera kumadera otentha imayamba kuvutika. Pansi pa 5 yambani kuda nkhawa ndi pafupifupi zonse za m'nyumba. Pa 0 madzi amaundana, ndipo chomera chimene thupi lake lonse ndi nkhokwe ya madzi nthawi zambiri sichilimba. Kumtunda nako, kukadutsa madigiri 32 zambiri zimachepetsa kukula, ndipo kukafika 35 n'kupitirira kwa masiku otsatizana zimangoima.

Mukaona malangizo akunena kuti 60 mpaka 80, amenewo ndi madigiri a Fahrenheit, musati mukoleze moto. Chotsani 32, chulukitsani ndi 5, gawani ndi 9: 60 imakhala pafupifupi 16, ndipo 80 imakhala pafupifupi 27. Samalaninso ndi malangizo otchula miyezi. Wolemba ali ku Canada akati muchepetse madzi mu Disembala, akunena za nyengo yake yachisanu, pamene kummwera kwa dziko lapansi mwezi womwewo ndi wotentha. Tsatirani nyengo, osati dzina la mwezi.

Usiku ndiwo uli ndi nkhani

Anthu ambiri amaganiza kuti popeza zomerazi zimachokera kumalo ouma ndiye kuti zimafuna kutentha usana ndi usiku. Si choncho. Kumalo ouma masana kumatentha koma usiku kumazizira, chifukwa kulibe mitambo ndi chinyontho zogwira kutenthako. Ma Echeveria ambiri amachokera kumapiri a ku Mexico, kumene usiku mpweya umakhala wozizira ndithu.

Zomera wamba zimatsegula timabowo ta m'masamba masana kuti zikoke mpweya wa carbon dioxide, ndipo potero zimataya madzi ambiri. Zosunga madzi zambiri zimachita mosemphanitsa. Masana timabowoto timakhala totseka. Usiku, kukazizira, timatseguka, mpweya uja n'kulowa n'kusungidwa m'tsamba ngati asidi wotchedwa malic acid. Kukacha, dzuwa likawala, chomeracho chimatenga zimene chasunga usiku n'kupanga chakudya timabowo tili chitsekere. Akatswiri amaitcha njira imeneyi CAM, dzina lochokera ku banja la Crassulaceae, limene muli jade, Echeveria ndi Kalanchoe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, Benjamin Heyne, ali ku India, analemba kuti masamba a chomera china cha banjali amawawasa m'mamawa koma masana kuwawasako kumatha. Amene ankalawayo anali asidi uja. Inu musalawe, chifukwa zina mwa zomerazi, monga Kalanchoe ndi Euphorbia, zili ndi poizoni.

Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti chipinda chotentha usiku wonse, mazenera otseka, madigiri 27 kapena 28 mpaka m'mawa, chimafooketsa chomera pang'onopang'ono ngakhale masana zonse zikuoneka bwino. Chimakoka mpweya wochepa koma chikuwononga chakudya chochuluka. Chimangokhala osakula, osafa, inu n'kumadabwa, mwina n'kuthira feteleza amene sichingamugwiritse ntchito.

Yezani pamene pali mphika

Kutentha kumene foni yanu ikuonetsa ndi kwa panja, pamthunzi, mwinanso kutali ndi nyumba yanu. Kumene thupi lanu likumva muli pampando ndi kwa pakati pa chipinda. Chomera sichikhala pamenepo. Chimakhala pafupi ndi galasi, pamene masana pamatentha kwambiri ndipo usiku pamazizira kwambiri kuposa pena paliponse m'nyumba. Pezani kachipangizo koyezera kutentha kamene kamasunga nambala yapamwamba ndi yapansi, mukaike pambali pa mphika, osati padzuwa penipeni, kwa masiku atatu kapena anayi. Nambala yapansi imapezeka m'bandakucha, inu muli mtulo, ndipo ndi imene imaulula zambiri. Ine nditayeza kuseri kwa makatani aja ndinapeza kuti pamasiyana ndi pakati pa chipinda ndi madigiri oposa 10.

Ngati mulibe kachipangizoka, dzanja limathandiza. Gwirani mphika dzuwa litapendeka, cha m'ma 2 kapena 3 koloko. Ukatentha moti simungaugwire nthawi yaitali, dziwani kuti mizu ili pamoto. M'mamawa kwambiri gwirani galasi ndi kuseri kwa dzanja.

Masamba ofewa, oonekera mkati

Apa ndi pamene anthu amasokonezeka kwambiri, chifukwa kuzizira ndi madzi ochuluka zimaoneka ngati zofanana. Pali kusiyana. Madzi ochuluka amayambira pansi: masamba akale a kunsi amachita chikasu, amatupa, amathothoka mukangowakhudza, ndipo zimatenga masiku kapena masabata. Chisanu chimagwira mwadzidzidzi, usiku umodzi, ndipo chimayambira kunsonga za masamba, pamwamba, kapena mbali imodzi yoyang'ana kumene kukuchokera kuzizira. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, ndipo timiyala ta ayezi timang'amba maselo a tsamba. Likasungunuka, tsambalo limakhala thumba la madzi. Pakapita masiku awiri kapena atatu limada bii kapena kuuma.

Chochita choyamba n'kuchichotsa pamalopo n'kuchiika pofunda pang'ono, powala koma posafika dzuwa. Musachiike pafupi ndi hita kapena moto poganiza kuti chiwothe, mungochimaliza. Musathirire. Ndipo musathamangire lumo. Tsiku loyamba simungadziwe pamene pafa ndi pamene pali moyo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Dikirani masiku angapo mpaka malire aoneke okha, kenako dulani zofazo ndi mpeni wakuthwa wopukutidwa ndi spirit. Pokhapokha ngati zofewazo zayamba kununkha kapena kuyenderera kulowera kutsinde, pamenepo dulani tsiku lomwelo. Ngati pakati pa chomera, pamene pamatuluka masamba atsopano, pali polimba, chidzaphukanso. Tsamba lowonongeka silibwerera mwakale, choncho musalidikire.

Palinso kuvulala ndi kuzizira kumene kumachitika madzi asanaundane. Sansevieria, ya masamba aatali oimirira ngati malupanga, kwawo ndi kumadera otentha a kumadzulo kwa Africa. Ikakhala masiku angapo pansi pa madigiri 10 imatuluka zigamba zofewa, zotuwa, ndipo masamba amagwa chammbali. Kalanchoe blossfeldiana ya ku Madagascar, Adenium ndi ma Euphorbia ambiri nawonso sagwirizana ndi kuzizira kotere.

Kuzizira kukakumana ndi dothi lonyowa

Vuto limene limabwerera chaka ndi chaka ndi ili, ndipo limapha zomera zambiri kuposa chisanu chenichenicho. Munthu wazolowera kuthirira Loweruka lililonse. Nyengo yotentha zinkayenda bwino chifukwa dothi linkauma m'masiku atatu. Kwayamba kuzizira, chomera chachepetsa kumwa, dzuwa lachepa, dothi lija tsopano likutha masiku 10 kapena kuposa lili chinyowere, koma iye Loweruka likakwana akuthirabe. Mizu ikusowa mpweya, ikufa, ndipo tizilombo toyambitsa kuwola tikupeza poyambira. Pamene masamba akuonetsa chizindikiro, pansi zinthu zinawonongeka kale.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chomera chimene mizu yake yawola chimaoneka ngati chili ndi ludzu. Masamba amachita makwinya chifukwa palibenso mizu yokoka madzi. Mwiniwake amachimvera chisoni n'kuwonjezera madzi.

Masamba akachita makwinya dothi lili lonyowa, zulani muone. Mizu yamoyo imakhala yoyera kapena yofiirira pang'ono, yolimba. Yowola imakhala yakuda, yoterera, imasupuka mukaikoka, ndipo nthawi zina imanunkha. Finyani tsinde pamene lakumana ndi dothi. Likakhala lofewa kapena lakuda, dulani pamwamba pake, mupitirize kudula pang'onopang'ono mpaka mkati muoneke moyera, mopanda kadontho kakuda. Kadontho kamodzi kotsala kamayambitsanso zonse. Mutu umene mwadulawo muusiye pamthunzi pouma masiku atatu mpaka 7 kuti bala liume, kenako muukhazike padothi louma. Apa ndiye musazengereze, kuwola kumakwera msanga.

Popewa zimenezi, iwalani kalendala. Lowetsani kamtengo kouma mpaka pansi pa mphika. Kakatuluka ndi chinyontho kapena dothi litamatirira, dikirani. Nyengo yozizira zomera zambiri zimakwanitsa masabata atatu kapena anayi osathiriridwa. Mukathirira, chitani zimenezi m'mawa wa tsiku lowala, ndi madzi amene akhala m'chipinda, osati ozizira kwambiri, ndipo tayani otsalira m'kambale ka pansi. Jade youma imapirira usiku wa madigiri 5 popanda vuto lalikulu, koma yonyowa pamalo omwewo ikhoza kuwola. Mphika ukhale wobowoka pansi, dothi likhale losakaniza ndi mchenga wokhakhala, timiyala kapena perlite (timiyala toyera topepuka), pafupifupi theka.

Kutentha kukapitirira

Zigamba zoyera mbee kapena zofiirira, zouma ngati pepala, pamwamba pa masamba oyang'ana dzuwa: kumeneko n'kupsa. Nthawi zambiri kumachitika chomera chikasamutsidwa mwadzidzidzi, kuchoka pakona pamdima kupita pazenera la dzuwa lamasana, kapena kutulutsidwa panja tsiku limodzi kuti chipitidwe mphepo. Paja masana timabowo ta masamba ake timakhala totseka, choncho sichidziziziritsa potulutsa nthunzi ngati zomera zina, ndipo tsamba lonenepa limasunga kutentha. Kuseri kwa galasi, popanda mphepo, tsamba limatentha kwambiri kuposa mpweya wolizungulira. Chipsera sichichoka, koma ngati sichinafike pakati chomera chimapitiriza kukula. Lisiyeni tsambalo lizipereka mthunzi kwa anzake mpaka litauma lokha. Pochizoloweretsa dzuwa, yambani ndi ola limodzi kapena awiri a m'mawa, muziwonjezera pang'onopang'ono kwa masabata awiri. Nsalu yopyapyala yoyera pakati pa galasi ndi chomera, kapena kungobweza mphika masentimita 30 kuchoka pagalasi, zimathetsa vutoli m'nyumba zambiri. Fumbi loyera ngati ufa la pamasamba a Echeveria musalipukute, limeneli ndi phula limene limaitchinjiriza ku dzuwa, ndipo likachoka silibwereranso patsamba limenelo.

Mphika nawo uli ndi mbali yake. Wapulasitiki wakuda kapena wachitsulo, makamaka waung'ono, umatentha padzuwa n'kuphika mizu yokhudza m'mbali. Wadothi wosapaka utoto umapuma, ndipo madzi akamauma m'mbali mwake umaziziritsa mizu. Ngati simukufuna kusintha, lowetsani wakudawo mu wina wamkulu wowala.

Msampha waukulu wa nyengo yotentha ndi tulo. Zomera zina, kukatentha kwambiri, zimagona. Aeonium, imene mitundu yake yambiri imachokera kuzilumba za Canary, imakula nyengo yozizira, ndipo kukatentha imafunya masamba ake n'kuyoyola a kunsi mpaka kutsala kamutu pamwamba pa tsinde. Ikuoneka ngati ikufa koma ikungodziteteza. Haworthia nayo imaima kukula kukatenthetsa. Mukaithira madzi ambiri nthawi imeneyi, dothi lotentha ndi lonyowa limawoletsa mizu mwachangu kuposa nyengo yozizira. Isiyeni pamthunzi wowala, muziipatsa madzi pang'ono mwa apo ndi apo, idzadzuka yokha kukayamba kuzizira. Zimene sizikugona muzizithirira m'mamawa kwambiri kapena dzuwa litalowa, osati masana mphika uli wotentha. Tsegulani zenera usiku kapena yatsani fani kuti mpweya uziyenda. Mpweya wotentha wosayenda ndi umene umaitana tizilombo toyera ngati thonje tobisala m'makhwapa mwa masamba, komanso akangaude ang'onoang'ono ofiira. Toyerato mukatikhudza ndi kathonje konyika mu spirit timafa.

Chomera chimene mwangogula musachisiye m'galimoto yotseka padzuwa, ngakhale kwa theka la ola.

Chikutalika, masamba atalikirana

Echeveria imene inali yafupi ndi yothithikana yayamba kukwera ngati kamtengo, tsinde lowonda, masamba otumbuluka oyang'ana pansi. Anthu amati kuwala kwachepa, ndipo n'zoona, koma ndi theka chabe la nkhani. Kutentha kukuchiuza kuti chikule pamene kuwala sikukukwanira kuti chikule bwino. N'chifukwa chake vutoli limachuluka m'zipinda zofunditsidwa ndi hita nyengo ya masiku aafupi. Muli ndi njira ziwiri: kuwonjezera kuwala, kapena kuchepetsa kutentha ndi madzi kuti chipume. Ine ndimasankha yachiwiri pamene ndilibe zenera labwino. Chomera chokhala pa madigiri 10 mpaka 13, chouma, chimangodikira osasintha maonekedwe. Chimene chatalika kale sichifupikanso. Dulani mutu muubzale, ndipo chitsa chotsalacho nthawi zambiri chimaphuka ana m'mbali.

Kuyoyoka masamba athanzi

Jade ikagwetsa masamba obiriwira, olimba, opanda banga, yang'anani chimene chikuiwomba. Ikhoza kukhala mphepo ya makina oziziritsa m'chipinda, mpweya wa hita, kapena chitseko chotsegulidwa pafupipafupi usiku wozizira. Pamwamba pa TV kapena firiji pamatenthanso kuposa mmene mungaganizire. Isunthireni kwina, musaisinthenso malo kwa mwezi, isiya yokha.

Kufiira si matenda nthawi zonse

M'mphepete mwa masamba a jade mukafiira, kapena Echeveria ikachita pinki nyengo yozizira, musachite mantha. Kuwala kwamphamvu ndi usiku wozizira zimachititsa chomera kupanga utoto wodzitetezera wotchedwa anthocyanin, ndipo ambiri amachita kuufuna dala. Ngati tsamba lili lolimba, palibe vuto. Aloe vera ikasanduka yofiirira yonse, masamba atapyapyala n'kupindika, imeneyo ikudandaula dzuwa kapena ludzu. Maluwa nawo amadalira kuzizira. Jade yokhwima imachita maluwa ikapatsidwa mausiku ozizira, aatali ndi amdima, madzi atachepetsedwa. Schlumbergera, ya kunkhalango za m'mapiri a ku Brazil, imatulutsa mphukira za maluwa usiku ukakhala pa madigiri 10 mpaka 15, ndipo ikasunthidwira potentha mwadzidzidzi imaziyoyola zonse.

Dziwani chimene mwasunga

Dzina loti succulent limaphimba zomera zosiyana kwambiri, ndipo kuziika zonse pamalo amodzi n'kumene kumabweretsa mavuto ena osamvetsetseka. Sempervivum imafanana ndi Echeveria moti ambiri amazisokoneza, koma kwawo ndi kumapiri a ku Ulaya monga Alps. Imapirira chisanu cha madigiri 20 pansi pa 0, ndipo m'chipinda chofunda imafooka n'kutalika. Imeneyo malo ake ndi panja. Echeveria mukaiyesa zomwezo imasungunuka usiku woyamba. Pozisiyanitsa, yang'anani m'mphepete mwa tsamba: la Sempervivum ndi lopyapyala, losongoka, lokhala ndi tiubweya ting'onoting'ono m'mbali, pamene la Echeveria ndi lonenepa ndipo m'mbali mwake nthawi zambiri ndi mosalala. Lithops, tija timaoneka ngati timiyala ta ku Namibia ndi South Africa, timapirira kutentha koma tili ndi nyengo zake zimene sitifuna madzi ngakhale dontho, makamaka pamene masamba atsopano akuyamwa akale.

Ngati simukudziwa dzina la chanu, chisungeni pakati pa madigiri 10 ndi 30, ndipo usiku uliwonse wozizira muzichichotsa pagalasi musanatseke makatani. Ine ndinaika katebulo mkati mwa chipinda, pafupi ndi zenera, ndipo nyengo yozizira miphika yonse imagona pamenepo n'kubwerera pazenera dzuwa likatuluka. Echeveria ija sinapulumuke, pakati pake panali patafa, koma ndinathothola masamba anayi a mbali yosapsa ndi chisanu n'kuwagoneka padothi louma, pamalo a madigiri 20 kapena kuposerapo pang'ono. Patatha masabata atatu awiri anatulutsa timizu tapinki, ndipo limodzi mwa awiriwo tsopano ladzaza mphika wake.